Kumbuyo kwa Chikwangwani

Chikwangwani chinagwa Lachiwiri masana, mphepo yotsogolera mvula itangoyamba kuulutsa mapepala mumsewu. Kaburashi sanachione chikugwa. Anali m'shedi mwake, atawerama patebulo lalitali, akukoka mchira wa chilembo chomaliza pa chikwangwani cha ogulitsa matayala, pamene mayi wogulitsa makala analowa osaodira n'komwe.

"Kaburashi, siya zimenezo. Chikwangwani chako chija chagwera atelala."

Kaburashi anali mtsikana wa zaka makumi awiri, wamtali, wosayankhulayankhula. Dzina lake lenileni ankalitchula ndi bambo ake okha, nawonso akapsa mtima. Mumsewu monse ankangoti Kaburashi, chifukwa kuyambira ali wamng'ono ankayenda ndi kaburashi kuseri kwa khutu monga amachitira akalipentala ndi pensulo. Tsiku limenelo anathamanga kaburashiko kali m'manja, penti akudonthera pa siketi, ndipo sanazindikire mpaka atafika.

Anapeza atelala atatengedwa kale kupita kuchipatala. Anali mayi wachikulire, wosoka mayunifolomu a ana asukulu, ndipo theka la msewuwo linkavala zotuluka m'manja mwawo. Oona anafotokoza kuti mayiwo anatuluka kukaanula madiresi amene ankapachika pakhomo, kuti mvula isawanyowetse. Atamva thabwa likulira pamwamba pawo, anatchinga mutu ndi dzanja lamanja. Mutu unapulumuka, koma dzanjalo ndi limene linalandira zonse.

Pakhonde panali magazi ndi diresi lachikasu lopondedwapondedwa. Chikwangwanicho chinali chagada pambali pake, chikuwala ngati chalembedwa dzulo: sizasi yotsegula, makina osokera, ndi zilembo zoyera zoima mowongoka.

"Koma mwana uyu ali ndi dzanja," anatero wometa tsitsi wa pafupi, akuchiyang'ana atapinda manja. "Chagwa kuchokera pamwamba ponsepo, penti osakalika ndi pang'ono pomwe."

"Mphepo ya lero si yamasewera," anatero wina.

"Mphepo yake iti? Vuto ndi khomali. Mwini nyumba anamanga ndi mchenga wokhawokha, simenti anangoinunkhiza."

Anthu anaseka pang'ono, kenako anakumbukira magazi aja n'kusiya. Pamsewu umenewo oweruza milandu sasowa. Anaimba mlandu mphepo, khoma, mwini nyumba ndi mmisiri amene anamanga, amenenso anali atamwalira kalekale. Kaburashi yekha ndi amene sanatchulidwe.

Iye anayang'ana m'mwamba. Mabawuti onse anayi anali pomwepo m'khoma, osagwedezeka, lililonse litagwira kachibenthu ka thabwa lakuda. Khomalo linalibe mlandu uliwonse. Ananyamula chikwangwanicho atachigunditsa pachifuwa, zilembo zikuyang'ana kwa anthu, kuti munthu asaone mbali inayo. Atafika m'shedi anatseka chitseko n'kuchitembenuza.

Kumbuyo kwake kunalibe penti. Lata linali lofiirira ndi dzimbiri, ndipo felemu ya matabwa inali itaola. Anatsina thabwa limodzi, ndipo linanyenyeka m'zala zake ngati buledi wonyowa.

Ntchito imeneyi anaiphunzira kwa bambo ake, amene analemba zikwangwani zaka zoposa makumi atatu pakhonde la nyumba yawo. Mdalayo anali ndi lamulo limodzi lotopetsa. Chikwangwani chisanalembedwe ngakhale chilembo chimodzi, ankachigoneka chafufumimba n'kupaka kumbuyo konse, lata ndi matabwa omwe, penti wofiira woteteza ku dzimbiri ndi madzi. Ankapaka kawiri, ndipo aliyense ankadikira masiku awiri kuti penti aume. Penti wachiwiriyo asanaumitsitse, mdalayo ankadinda chala chake chachikulu pakona ya m'munsi. Chimenecho ndiye chinali chizindikiro chake, dzina sankalemba.

"Bambo, ndani adzaone kumbuyoko?" Kaburashi anafunsapo ali ndi zaka khumi.

"Mvula," anayankha bambo ake. "Mvula siwerenga zilembo zako. Imadutsa pakati pa khoma ndi chikwangwani, n'kukhala m'thabwamo."

Tsiku limene anamulola kudinda chala chake koyamba, Kaburashi anayenda mumsewu wonse chalacho chili m'mwamba. Penti wofiira uja akalowa m'chikhadabo sachoka sabata yathunthu, kaya uchape ndi sopo wanji. Kunyumba kwawo chala chachikulu chofiira chinali chinthu cha masiku onse.

Kenako bambo aja anadwala matenda ofa ziwalo. Dzanja lamanja linafooka, lilime linalemera, ndipo anangokhala munthu wa pampando. Ntchito inatsala m'manja mwa Kaburashi ndi achimwene ake, amene anthu ankawatcha Manijala. Manijala sankatha kulemba ngakhale mzere wowongoka, koma pakamwa anadalitsidwa. Ankazungulira ndi njinga yamoto, zithunzi zili m'foni, ndipo akalowa m'sitolo ya munthu sankatuluka wopanda ntchito. Anthu anali atatopa ndi zikwangwani zosindikiza pa makina, zimene zinkasuluka dzuwa likangoziwomba miyezi itatu. Ankafuna za pamanja, ndipo ankafuna za Kaburashi.

Ntchito itachuluka, anachoka pakhonde paja n'kupeza shedi yaikulu kutali ndi kunyumba. Koma shedi ikule bwanji, penti wofiira ankafunabe masiku ake awiri. Zikwangwani zinkagona pansi ponse, poponda osaoneka, eni ake akuimba foni m'mawa ndi masana. Tsiku lina mwini butchala anabwera atakwiya, akuti akutsegula mawa lake. Chikwangwani chake chinali chisanayambidwe n'komwe. Kaburashi anayang'ana chitini cha penti wofiira, anayang'ana mwini butchala, n'kukankhira chitinicho pansi pa tebulo ndi phazi. Palibe amene anamuuza kuti atero. Anadziuza kuti ndi kamodzi kokha, ndipo mwini butchala anapita akumwetulira.

Kamodzi kaja kanabala kachiwiri, ndipo chitini chija chinayamba kutuwa ndi fumbi. Tsiku lina posamba m'manja kuti adye, bambo ake anamuyang'ana nthawi yaitali n'kunena ndi lilime lawo lolemera lija kuti, "Chala chako chayera masiku ano."

"Ndi sopo watsopano, bambo," anayankha akuseka, ndipo nkhani inathera pomwepo. Kuchokera pamenepo mvula inagwa nyengo ziwiri.

Manijala anafika m'shedimo mvula itayamba kugwa, jekete lili lonyowa. Anapeza mlongo wawo atakhala pachitini, akuyang'ana matabwa oola aja. Anayang'ana nawo, ndipo nkhope yawo inagwa. Sanali munthu woipa mtima, koma mutu wawo unkathamanga kuposa mtimawo.

"Waonetsa ndani?" anafunsa.

"Palibe."

"Ndiye bwino. Matabwawa tisonkhere moto, latali tiliponye kuseri. Atelala tikawaona kuchipatala, tiwatengere zipatso, tiwalembere china chaulere. Anthu akuti ndi mphepo, ifenso titi ndi mphepo."

"Achimwene, zilipo makumi atatu ndi chimodzi."

"Zichani?"

"Zopanda penti kumbuyo. Ndikuzidziwa zonse, ndinazilemba ndine. Zili pamwamba pa makomo a anthu."

Manijala anakhala pansi n'kupukuta kumaso ndi chipewa. "Tamvera, chemwali. Chagwa chimodzi, zinazo zili bwinobwino. Lachisanu tikukumana ndi bwana wa masitolo asanu ndi atatu uja. Akufuna zikwangwani za masitolo onse, ndi magalimoto omwe. Ndamuthamangira miyezi inayi, nsapato zatha. Akangomva kuti zikwangwani zathu zimagwera anthu, basi tathera pomwepo. Ubwerera pakhonde paja, ndipo mankhwala a bambo uzigula ndi zilembo zako zokongolazo."

"Nanga china chikagwa?"

"Kuyambira mawa uzipaka kumbuyo, ine sindikuletsa. Zakale zisiye. Wamva?"

Kaburashi anayamba kutola zibenthu za matabwa aja, ndipo achimwene akewo anaona ngati wavomera. Kunena zoona, nayenso ankafuna kuti akhale atavomera.

Mawa lake anapita kuchipatala atanyamula malalanje. Anapeza atelala atakhala pabedi, dzanja lili m'chikhakha kuyambira m'zala mpaka m'chigongono. Nkhope yawo inali yotuwa, koma atamuona anamwetulira.

"Mwana wanga, wabwera. Khala apa. Bwanji nkhope yagwa chonchi, ngati wathyoka ndiwe?"

"Mukupeza bwanji, amayi?"

"Mafupa akuti alumikizana. Koma adokotala akuti mtsempha wina waduka, ndiye zala ziwirizi sakudziwa ngati zidzagwirenso." Anayang'ana dzanjalo ngati ndi la munthu wina. "Ndili ndi mayunifolomu makumi awiri odula kale, eni ake akuwafuna sabata ya mawa. Kaya ndidzasoka ndi mano."

Anaseka okha. Kaburashi anaika malalanje aja pambali pa bedi.

"Wina anabwera dzulo kudzati mwina chikwangwani chinali chosalimba," anapitiriza mayiwo. "Ndinamuthamangitsa. Ndinati mwana ameneyu ndi wa mdala uja. Choyamba chimene anandilembera bambo ake chinakhala zaka khumi ndi zisanu, mpaka ndinachitsitsa ndekha chifukwa ndinatopa ndi mtundu wake. Anthu amenewa sadziwa ntchito yachinyengo. Iwe usadandaule, wamva? Zinangochitika."

Ndi dzanja lamanzere anagwira dzanja la Kaburashi n'kulisisita. Mtsikanayo anapinda chala chachikulu n'kuchibisa m'chikhatho. Mawu anali pakamwa penipeni, koma anawameza. Anasenda lalanje limodzi, anawapatsa, anatsanzika. Sanachitepo manyazi otere chibadwire, ndipo anatuluka m'chipindamo akudzida.

Sanakwere galimoto pobwerera. Anayenda wapansi, maso ali m'mwamba. Kale akamadutsa m'misewu imeneyi mtima unkakhala m'malo, chifukwa kulikonse kumene wayang'ana kunali dzanja lake: pa butchala, pa famase, pa malo ochapira magalimoto. Tsiku limenelo sankaona zilembo. Ankangoona mitu ya anthu olowa ndi kutuluka pansi pake.

Anaima pa geti la sukulu ya mkaka. Chikwangwani cha pamenepo chinali chachikulu kuposa zonse, chotalika ngati chitseko chogoneka, ndipo ankachinyadira kwambiri. Anajambulapo njovu itanyamula buku, ndi zilembo za mitundumitundu. Inali nthawi yoweruka. Ana anali atandanda pansi pake penipeni, pamthunzi, zikwama zili kumsana, akudikira makolo awo. Kamtsikana kena kankaloza njovuyo n'kumauza mnzake kuti ndi yake.

Kaburashi anapempha mlonda wa pageti kuti amubwereke mpando. Anakwera, anapisa dzanja kuseri kwa chikwangwanicho, anatulutsa msomali wautali m'thumba n'kubaya thabwa pafupi ndi bawuti. Sanagwiritse mphamvu. Msomaliwo unangolowa wonse mpaka kumutu, ndipo potuluka unatuluka ndi madzi akuda. Kumadzulo mitambo inali itayambanso kusonkhana.

"Achotseni anawa apa," anauza mlondayo.

"Bwanji kodi?"

"Achotseni, bambo, chonde. Ndipo muwaitane ahedi."

Ahedi anali mayi wa magalasi, wosakonda kubwereza mawu. Anamvetsera ali chilili pamene Kaburashi ankafotokoza zonse, osabisa kanthu: penti wofiira, masiku awiri, ndi chimene chinagwetsa chikwangwani cha atelala. Makolo amene anabwera kudzatenga ana anamvanso, chifukwa pageti si malo a chinsinsi.

"Ndiye ukundiuza kuti unadziwa pochikhoma?" anafunsa ahedi.

"Ndinadziwa kuti sindinapake. Ndinkadziuza kuti sichingaole msanga."

"Ana anga makumi asanu ndi limodzi amadutsa apa kawiri pa tsiku." Anavula magalasi n'kuwapukuta pang'onopang'ono. "Chitsitse pompano. Ukamaliza usadzapondenso pano."

Anachitsitsa mothandizidwa ndi mlonda uja. Bawuti lachitatu sanachite kulimasula, thabwa linangosiyana nalo lokha.

Nkhani inafika kushedi iye asanafike. Anapeza Manijala ataima pakhomo, foni ili m'manja, maso ali psu.

"Wachita chiyani iwe? Bwana uja waimba. Mdzukulu wake amaphunzira pa sukulu imene ija. Akuti Lachisanu tisavutike n'kubwera." Anaponya foni m'thumba. "Sukanadikira masiku awiri okha? Awiri okha, tisainirane kaye?"

"Masiku awiri omwewo ndi amene ndinakana kudikira, achimwene."

Anawalambalala, analowa, anatenga makwerero ndi sipanala. Manijala anamutukwana mawu amene sanamutukwanepo, anakwera njinga yawo n'kupita. Koma m'mawa mwake Kaburashi atafika pa butchala, anawapeza ali pomwepo atabwereka ngolo yokankha. Sanamupatse moni. Anangogwira makwerero kuti asaterereke.

Ntchito yotsitsa inatenga masiku asanu ndi limodzi, ndipo panalibe tsiku lokoma. Pakhomo lililonse Kaburashi ankayamba ndi mawu omwewo, ndipo sanapepuke ngakhale atawabwereza kambirimbiri. Mwini butchala anamukalipira chikwanje cha nyama chili m'manja, akuti makasitomala aziganiza kuti watseka. Mayi wa famase anangomuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Wometa tsitsi uja, amene Lachiwiri ankatama dzanja lake, tsopano ankauza aliyense wokhala pampando wake kuti iye anakayikira kalekale. Ena analola kuti awakonzere, ena anati abweze zikwangwani zawo mmene zilili, akapeza mmisiri wina. Mwa zikwangwani makumi atatu zija, zisanu ndi ziwiri zinali zitatsala pang'ono kugwa.

Mumsewu munatsala mabala a makona anayi pamakoma pamene panali zikwangwani, owala kuposa khoma lonse, ndipo aliyense wodutsa ankadziwa mwini wake wa mabalawo. Foni ya Manijala, imene kale inkalira ngati ya adokotala, inangoti zii. Mwezi usanathe anabweza makiyi a shedi n'kubwerera pakhonde la kunyumba.

Bambo awo anaona ngolo ikutsitsa zikwangwani pabwalo, ali pampando wawo. Anakodola Kaburashi kuti abweretse chimodzi pafupi. Anayendetsa dzanja lamanzere pa lata ladzimbiri, mpaka pakona ya m'munsi pamene pankayenera kukhala chidindo, n'kulisiya pamenepo.

"Bambo, ndinakunamizani. Sanali sopo."

"Ndinadziwa," anatero mdalayo. Mawu ankatuluka limodzilimodzi. "Sopo wochotsa penti ameneyu kulibe. Ndinamufuna zaka makumi atatu."

"Nanga bwanji simunandikalipire?"

Anayang'ana dzanja lawo lakufa lija pamwendo. "Mankhwala ankabwera. Nyumba munaifolera. Ndinati ndikafunsa kawiri, undiyankha zoona." Misozi inatsika mbali imodzi ya nkhope. "Dzanja la mayi uja tathyola tonse."

Kaburashi anali asanaonepo bambo ake akulira, ngakhale tsiku limene anagwa ndi matenda aja. Anagwada, anatsegula chitini cha penti wofiira, anachotsa chikhungu chimene chinauma pamwamba, n'kuyamba kutakasa.

Panatsala khomo limodzi, ndipo ndi limene ankaliopa kuposa onse. Atelala anali atatuluka m'chipatala, ndipo nkhani anali ataimva kale kwa anthu. Pamsewu umenewo uthenga woipa suchedwa panjira. Komabe Kaburashi anafuna kuti aimve kuchokera pakamwa pake. Anayamba wawalembera chikwangwani china. Anasankha matabwa ouma bwino, anapaka kumbuyo kawiri, anadikira masiku ake onse, anadinda chala. Kutsogolo anajambula sizasi ndi makina omwe aja, ndipo zilembo zake zinatuluka bwino kuposa zonse zimene analembapo. Anachisenza pamutu n'kupita nacho.

Anapeza chitseko cha shopu chili chotsegula, koma pakhomo panalibe diresi ngakhale limodzi. M'kati munali mopanda kanthu. Pamene pankakhala makina panatsala mabowo anayi pa simenti ndi dontho la oilo. Atelala anali atakhala pa mpando wokhawo umene unatsala, akulongedza mabatani ndi ulusi m'katoni ndi dzanja lamanzere. Chikhakha chinali chitachotsedwa. Dzanja lamanja linali pamwendo, lowonda, zala ziwiri zitapindikira m'kati.

Kaburashi anatsamiritsa chikwangwanicho pakhoma n'kugwada pakhomo.

"Amayi, ndabwera kudzanena ndekha. Sinali mphepo, silinali khoma. Ndine. Sindinapake kumbuyo, thabwa linaola. Tsiku lija kuchipatala ndinkadziwa, koma ndinakhala chete."

Mayiwo anapitiriza kusankha mabatani, akuda kwaokha, oyera kwaokha. "Unandisendera lalanje," anatero osamuyang'ana. "Ine ndikukuikira kumbuyo, iwe ukusenda lalanje."

"Ndinalakwa, amayi. Ndikhululukireni."

"Ndamva kuti unatsitsa cha ku sukulu ya mkaka chisanagwe. Mdzukulu wanga amaima pamenepo. Pa chimenecho ndikuthokoza, ndipo ndikunena zoona." Anakweza dzanja lopindika lija kuti alione bwino. "Koma ichi sindikudziwa kuti ndichiike pati. Ndayesa kulowetsa ulusi m'singano m'mawa wonse wa dzulo. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndakhala ndikuchita zimenezo osayang'ana n'komwe. Za kukhululuka usandifunse lero, mwana wanga. Mwina tsiku lina."

"Ndakulemberani china. Ichi sichidzagwa."

Atelala anadzuka n'kupita pamene panali chikwangwanicho. Zilembo sanaziyang'ane. Anachipendeketsa ndi dzanja lamanzere, anayang'ana kumbuyo kofiira kuja, anapeza chidindo cha chala pakona, n'kuchikhudza.

"Ndi ntchito yabwino," anatero. "Ngati ya bambo ako. Koma makina ndagulitsa, ndipo mawa ndikupita kukakhala kwa mwana wanga. Muno mulowa wogulitsa mafoni. Chiziitanira anthu kwa ndani?"

Kaburashi anawathandiza kumanga katoni ija ndi chingwe, chifukwa mfundo simangika ndi dzanja limodzi, ndipo mayiwo anamulola. Kenako anasenzanso chikwangwani chake n'kubwerera nacho, akudutsa pansi pa mabala aja a pamakoma, anthu akumuyang'ana.

Kunyumba Manijala anati achifute n'kulembapo za munthu wina, poti lata ndi matabwa zinali zatsopano. Kaburashi anakana. Anachikhoma pakhonde, pamwamba pa tebulo lake logwirira ntchito, zilembo zitayang'ana kukhoma, kumbuyo kuli poyera.

Patapita milungu itatu kunabwera kasitomala woyamba, bambo wokonza njinga amene anali atangosamukira kumene m'deralo. Anayang'ana chinthu chofiiracho n'kuseka.

"Amisiri, chikwangwani chanu mwakhoma chotembenuza."

"Chili bwino choncho," anatero Kaburashi.

"Chabwino, ndi zanu. Changa ndikuchifuna mawa madzulo. Mutha?"

"Lachisanu."

"Aa, kachikwangwani kakang'ono ngati aka? Ena akuti atha lero lomwe."

"Pitani kwa iwowo, bambo. Kuno ndi Lachisanu."

Bamboyo anakanda m'mutu, anayang'ana mdala wa pampando, anayang'ananso mtsikanayo, n'kunena kuti akaganiza kaye. Anakwera njinga yake n'kupita, ndipo sanabwerenso. Kaburashi anamuyang'ana mpaka anakhota pakona. Kenako anagoneka chafufumimba chikwangwani cha mwini butchala, chimene chinali chisanathe kukonzedwa, n'kuviika burashi m'chitini chofiira chija.